Kompyuta ya Mitu Iwiri ya pa Mbulumbuzi

Ndidaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri m'sukulu za sekondale za m'boma lino la Chiradzulu. Nkhani zomwe pakamwa panga padazolowera ndi za ku Magomero, komwe Bishopu Mackenzie ndi anzake adamanga misasa m'chaka cha 1861, komanso za ku Mbombwe, komwe John Chilembwe adakhazikitsa mishoni yake m'chaka cha 1900. Munthu akadandiuza masiku amenewo kuti ndidzakhala pansi n'kulemba mbiri ya kachitsulo kochepa ngati bokosi la machesi, ndikadamuseka. Koma ndi zimene ndikuchita pano, ndipo chidandikokera m'nkhaniyi ndi ngongole ya katapila yomwe mwana wa mlongo wanga adatsala pang'ono kutenga m'chaka cha 2017.

Mnyamatayu adakhoza mayeso a Fomu 4 koma malo ku koleji sadapezeke. M'chaka cha 2016 nandolo adali pa mtengo wabwino, choncho mayi ake atagulitsa matumba angapo adamupatsa ndalama zoti ayambire geni. Iye adachita lendi kachipinda pa Mbulumbuzi, m'mbali mwa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Zomba. Adaikamo benchi, tebulo, mapadi awiri oseweretsa magemu ndi kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito yomwe adakagula ku Limbe. Ana akaweruka kusukulu amadzaza kachipindako, aliyense K100 yake m'manja, kudikira nthawi yake yomenya mpira wa FIFA 14. Ine poyamba sindidakondwe nayo geniyi, ndimaona ngati ndi yobera ana ndalama za mandasi. Koma mwanayo adasiya kupempha sopo kwa mayi ake, ndiye ndidatseka pakamwa.

Kompyutayo idali Dell OptiPlex 755, mtundu womwe udatuluka m'chaka cha 2007 ndipo udapangidwira m'maofesi. Pambali pake padali padakali zomata za kampani ina ya kunja yomwe idaigwiritsa ntchito poyamba. Umu ndimo makompyuta ambiri adafikira kuno kwathu. Maofesi a ku Ulaya ndi ku America amasintha makina awo pakatha zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, ndipo otayidwawo amalongedzedwa m'makontena. Ena amabwera kudzera m'mabungwe monga Computer Aid International ya ku London, yomwe imakonza makompyuta akale n'kuwatumiza m'maiko a mu Africa, ena amabwera ndi amalonda wamba. Pofika pa tebulo la pa Mbulumbuzi, yathuyi idali ndi zaka pafupifupi 9.

Ukalamba woterewu kale sunkatidetsa nkhawa, chifukwa makompyuta sadabwere m'dziko muno kudzaseweretsa ana. Adabwera kudzalemba makalata, kudzawerengera malipiro ndi kudzasunga mayina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 aphunzitsi a pa Chancellor College ku Zomba adayamba kutumizirana makalata a imelo ndi anzawo a kunja kudzera pa lamya, ndipo m'chaka cha 1997 kampani ya MalawiNet idayamba kugulitsa intaneti kwa anthu. Kuno ku Chiradzulu, madokotala a Médecins Sans Frontières atayamba kupereka mankhwala a ma ARV m'chaka cha 2001, mbiri ya odwala amaisunga m'pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa FUCHIA. Chaka chomwecho ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health adayamba kulemba odwala pa timakina togwira pa sikirini, tomwe adatisandutsa kuchokera ku i-Opener, kachipangizo ka intaneti komwe malonda ake adakanika ku America. Purosesa ya kachipangizoka imathamanga pafupifupi 200 MHz yokha, koma ntchito idayenda, poti kulemba dzina la wodwala ndi tsiku lobadwa sikulemetsa makina. Tidazolowera motero kuti kompyuta yakale ndi kompyuta basi, bola iyake. Magemu ndiwo adabwera kudzaulula msinkhu wake.

Ana atatopa ndi mpira adayamba kufunsa Grand Theft Auto V, gemu yomwe munthu amayendetsa galimoto mumzinda waukulu wotchedwa Los Santos. Mnyamata wanga adaiika, koma zithunzi zimayenda ngati munthu wokoka mwendo. Adauzidwa kuti vuto ndi graphics card, khadi yomwe ntchito yake ndi kujambula zithunzi pa sikirini. Yomwe idalimo idali GeForce 9500 GT ya m'chaka cha 2008, yofookadi. M'mwezi wa May 2017 mayi ake adamuthandizanso, nagula GeForce GTX 750 Ti. Zinthu zidasinthako: mitengo ndi nyumba za mugemu zidaoneka bwino, ndipo galimoto ikatuluka mumzinda imayenda mosalala. Koma ikangolowa pakati pa tauni, pomwe pali magalimoto ndi anthu ambirimbiri, zonse zimayamba kudukizadukiza. Ana amadandaula kuti ndalama yawo ikupita pachabe, ena adayamba kupita kwa mnyamata wina yemwe adali ndi PlayStation.

Tsiku lina m'mwezi wa October mlongo wanga adafika kwanga m'mamawa, nkhope ili yakugwa.

“Achimwene, kalankhuleni naye mwana wanuyu. Akuti akufuna akatenge katapila agule khadi ina. Ine ndilibenso kanthu, nandolo mukumuona momwe wachitira chaka chino.”

Amanena zoona. M'mwezi wa August chaka chimenecho dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, lidalamula kuti wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mtengo kuno udagwa mochititsa mantha, matumba adangoti mbwee m'nyumba za anthu. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, choncho mlanduwu udali wanga. Ndidakwera minibasi kupita pa Mbulumbuzi.

“Amalume, vuto ndi khadi,” adatero mnyamatayo. “Wogulitsa uja wanena kuti ndikaika GTX 1050 Ti zonse zitheka.”

“Iwe, khadi udagula mwezi wa May ija yatha kale?”

“Sidathe, koma yachepa mphamvu.”

“Wadziwa bwanji kuti yachepa mphamvu?”

Apa adakhala chete. Ine za makompyuta sindimadziwa, koma ntchito yanga yonse idali yofunsa ana funso lomweli: wadziwa bwanji, mboni yako ndani? Ndidamupempha kuti andipatse sabata ziwiri asadapite kwa wakatapila. Ndidakumbukira mtsikana wina yemwe ndidamuphunzitsa kale, yemwe adachita maphunziro a makompyuta ku Blantyre ndipo amakonza makina ku Limbe. Nditamuimbira adavomera kubwera Loweruka, ndipo adandiuza zoti ndiyambe ndawerenga. Zomwe ndikulemba m'munsimu ndi zomwe ndidapeza m'sabata imeneyo ndi m'zaka zotsatira, poti nkhaniyi idandigwira ngati momwe idandigwirira ya Chilembwe ndili mnyamata.

Choyamba chomwe ndidamvetsa ndi chakuti pa chithunzi chilichonse cha mugemu pamagwira antchito awiri. Purosesa ndiyo imaganiza. Imawerengera pomwe galimoto iliyonse yafika, komwe wapolisi akuthamangira, chomwe chichitike magalimoto awiri akagundana, ndi zomwe mwana wadina pa padi. Ikamaliza imapereka mndandanda kwa graphics card kuti ijambule. Kuti diso lione zinthu zikuyenda bwino, zimenezi ziyenera kuchitika kosachepera ka 30 pa sekondi imodzi. Aliyense amene adaumbitsapo njerwa adziwa zomwe ndikunena. Pali woponda dothi ndipo pali woumba ndi chikombole. Woponda akakhala wochedwa, ngakhale mutalemba ganyu woumba wamphamvu kuposa onse m'mudzi, njerwa sizichuluka. Woumbayo azingokhala pa chulu kudikira dothi, inu mukumulipira.

Kugawana ntchito kotereku sikudayambe kale kwambiri. Gemu ya Doom itatuluka m'chaka cha 1993, purosesa imachita zonse yokha, kuganiza ndi kujambula komwe. M'chaka cha 1996 kampani ya 3dfx idatulutsa khadi yotchedwa Voodoo yomwe idalanda ntchito yojambula, ndipo m'chaka cha 1999 Nvidia idatulutsa GeForce 256, kholo la makhadi onse awiri omwe mnyamata wanga adali nawo. Kuchokera pamenepo kompyuta ya magemu idasanduka ngolo ya ng'ombe ziwiri, ndipo funso la ng'ombe yomwe ikutsalira lidabadwa nthawi imeneyo.

Mbiri ya purosesa yokha imayamba m'mwezi wa November 1971, chaka chomwe Dr. Banda adalumbira kukhala pulezidenti wamuyaya. Kampani ya Intel ku California idatulutsa kachipangizo kotchedwa 4004, komwe Federico Faggin, Ted Hoff, Stanley Mazor ndi Masatoshi Shima adakakonzera makina owerengera masamu a kampani ya ku Japan ya Busicom. M'kati mwake mudali matransista 2,300. Transista ndi kaswichi kakang'ono kotseka ndi kutsegula magetsi, ndipo kuganiza konse kwa kompyuta ndi kutseka ndi kutsegula kumeneku. Liwiro lake amaliyeza powerenga kugunda kwa wotchi ya m'kati, ngati kugunda kwa mtima. Ka 4004 kamagunda ka 740,000 pa sekondi. IBM PC ya m'chaka cha 1981 imagunda pa 4.77 MHz, kutanthauza pafupifupi ka 5 miliyoni. Pentium yoyamba idatuluka m'mwezi wa March 1993, miyezi itatu tisadavote pa riferendamu, ili ndi matransista 3.1 miliyoni ndi liwiro la 60 kapena 66 MHz. M'mwezi wa March 2000 kampani ya AMD idafika pa 1,000 MHz, yomwe ndi 1 GHz, ndipo m'mwezi wa November chaka chomwecho Pentium 4 idayambira pa 1.4 ndi 1.5 GHz.

Kukwera kumeneku kudali ndi aneneri ake awiri. Gordon Moore adalemba m'chaka cha 1965 kuti chiwerengero cha tizipangizo tokwana pa kachidutswa kamodzi chizichuluka kawiri chaka chilichonse, ndipo m'chaka cha 1975 adakonza kuti zaka ziwiri zilizonse. Mkuluyu adamwalira m'mwezi wa March 2023, mwezi womwe namondwe wa Freddy adatisiya ndi maliro kuno. Winayo, Robert Dennard wa ku IBM, adaonetsa m'chaka cha 1974 kuti transista ikachepa msinkhu imadyanso magetsi ochepa, kotero kuti mutha kuchulukitsa matransista ndi kuwathamangitsa kwambiri popanda kachipangizoko kutentha mopitirira. Kwa zaka 30 zimenezi zidayenda monga adanenera. Wolemba magemu sankavutika: amalemba ntchito yonse mumzere umodzi, chinthu chimodzi pambuyo pa chinzake, podziwa kuti purosesa ya chaka chamawa idzauthamanga mzerewo mofulumira kuposa ya chaka chino.

Chaka chomwe ndikadalemba pa bolodi ndi choko chofiira, ana akadakhala kuti akulemba mayeso a nkhaniyi, ndi 2004. Matransista adachepa mpaka magetsi adayamba kudontha ngakhale swichi ili yotseka, ndipo zomwe adanena Dennard zidasiya kugwira ntchito. Mitundu yothamanga kwambiri ya Pentium 4 ya chaka chimenecho imadya mawati 115, kutentha konseko kukutuluka pa malo ochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. M'mwezi wa May, mwezi womwe ife timasankha Bingu wa Mutharika, Intel idathetsa ntchito yokonza purosesa yotsatira yotchedwa Tejas. M'mwezi wa October idalengeza kuti Pentium 4 ya 4 GHz situlukanso. Mtunduwu udaima pa 3.8 GHz.

Poti mutu umodzi sukadathanso kuthamangitsidwa, opanga adaganiza zoika mitu ingapo m'kachipangizo kamodzi. Mutu uliwonse, womwe amautcha core, ndi purosesa payokha. M'chaka cha 2005 kudabwera Pentium D ndi Athlon 64 X2 za mitu iwiri. M'mwezi wa July 2006 kudabwera Core 2 Duo, ya mitu iwiri ndi matransista 291 miliyoni, yothamanga pang'ono pa wotchi koma yomaliza ntchito yambiri pa kugunda kulikonse. M'mwezi wa January 2007 kudabwera Core 2 Quad Q6600 ya mitu inayi, pa mtengo wa madola 851. Ogula makompyuta a m'maofesi sadaone chifukwa cholipirira mitu inayi kuti kalaliki azilembera makalata, ndipo sadalakwe. Adasankha ya mitu iwiri. M'kompyuta ya pa Mbulumbuzi mudali Core 2 Duo E6550 ya 2.33 GHz. Munthu wina yemwe sitidzamudziwa, mu ofesi ina kutsidya la nyanja, adasainira pepala logulira m'chaka cha 2007 kapena 2008, ndipo chisankho chakecho ndicho chimavutitsa mwana wa mlongo wanga patapita zaka 10.

Olemba magemu adatenga nthawi kuti aphunzire kugawa ntchito pa mitu yambiri, chifukwa si ntchito iliyonse imagawika. Gene Amdahl adachenjeza za ichi kale m'chaka cha 1967: gawo la ntchito lomwe silingagawidwe ndilo limaika malire a phindu la kuchulukitsa antchito. Tibwerere ku njerwa zija. Oponda dothi anayi aposa awiri, koma uvuni ukayatsidwa umatenga masiku ake, kaya mwaima pamenepo anthu awiri kaya makumi awiri. N'chifukwa chake kwa zaka zingapo mitu iwiri idakwanira magemu ambiri, ndipo FIFA 14 imayenda bwino pa makina athu. Chidasintha zinthu ndi makina a magemu okhaokha. Xbox 360 ya m'chaka cha 2005 idali kale ndi mitu itatu. M'mwezi wa November 2013 PlayStation 4 ndi Xbox One zidatuluka ndi mitu 8 iliyonse, yothamanga pang'onopang'ono, osafika ndi 2 GHz pomwe. Wolemba gemu yoti igulidwe kwambiri adakakamizika kumwaza ntchito pa mitu yambiri. FIFA 15 itatuluka pa kompyuta m'chaka cha 2014, eni ake adalemba kuti purosesa yochepetsetsa yoyenera ndi Q6600. Grand Theft Auto V itafika pa kompyuta m'mwezi wa April 2015, idatchulanso Q6600 yomweyo. Mawuwa adalembedwa poyera, koma pa Mbulumbuzi padalibe adawawerenga, ndipo wogulitsa makhadi sadali ndi chifukwa chowatchulira.

Ine nditawerenga izi ndidaganiza kuti mlandu watha. Mtsikana uja atafika Loweruka adandikumbutsa zomwe ndinkawauza m'kalasi.

“Aphunzitsi, paja munkati buku limodzi si umboni. Tiyeni tiyeze kaye. Mwina pali zinanso.”

Kuyezako kudachedwa. Imeneyo idali miyezi ya kuthimathima kwa magetsi, madzi atachepa m'nyanja ndi mu mtsinje wa Shire, ndipo tidakhala pa benchi kuyambira masana mpaka cha m'ma 9 koloko usiku. Magetsi atayaka adaika kapulogalamu kotchedwa MSI Afterburner, komwe kamalemba manambala pakona ya sikirini gemu ili m'kati. Adandipatsa kope kuti ndizilemba, ndipo kopelo ndikadali nalo.

Mnyamata adayendetsa galimoto mpaka pakati pa Los Santos. Zithunzi zimatuluka pakati pa 17 ndi 22 pa sekondi. Mitu yonse iwiri ya purosesa idali pa 100 peresenti, osatsika. Graphics card, yomwe amati yachepa mphamvu ija, imasewera cha m'ma 45 peresenti. Woumba adali pa chulu, kudikira dothi.

Mnyamatayo sadagonje msanga, adati manambala atha kunama. Tsono mtsikanayo adachita chinthu chomwe ndimachiona kuti ndicho chanzeru kuposa zonse usiku umenewo, chifukwa sichifuna ndalama kapena chipangizo. Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho. Gemu idali pa 1366 kuchulukitsa ndi 768, timadontho topitirira pang'ono 1 miliyoni. Iye adaitsitsa kufika pa 800 kuchulukitsa ndi 600, timadontho 480,000, tosafika ndi theka lomwe. Kupenta timadontho ndi ntchito ya khadi yokha, purosesa sizimaikhudza kwenikweni. Khadi ikadakhala kuti ndiyo yalema, kuipeputsira katundu chotere kukadachulukitsa zithunzi nthawi yomweyo. Tidabwerera pa mphambano yomwe ija. Zithunzi zidaoneka zonyansa, koma chiwerengero chidali chomwe chija, 18, 20, 22. Chidasintha n'chakuti khadi idatsikiranso cha m'ma 30 peresenti.

Kenaka adabwezera timadontho pakale, nauza mnyamatayo kuti atulutse galimoto mumzinda apite kuchipululu cha mugemumo, komwe kulibe anthu ndi magalimoto ambiri. Zithunzi zidakwera kupitirira 35. Atabwerera m'tauni adatsitsa chiwerengero cha anthu ndi magalimoto oyenda m'misewu, chomwe gemuyi imalola kusintha, ndipo zidakwerako pang'ono. Chilichonse chopeputsa ntchito yoganiza chimathandiza. Chilichonse chopeputsa ntchito yojambula sichimathandiza. Mboni zitatu zidanena chimodzimodzi.

Adatichenjeza za msampha umodzi womwe ndiyenera kuulemba pano, poti anyamata ambiri amagwamo. Pa purosesa ya mitu iwiri nkhani imaoneka msanga chifukwa yonse imadzaza. Koma pa ya mitu inayi kapena isanu ndi itatu, mutu umodzi utha kukhala utalemedwa mpaka pakhosi pomwe inayo ikupuma, ndipo nambala yophatikiza n'kumaonetsa 40 peresenti yokha. Munthu n'kumati purosesa ilibe mlandu. Choncho kuyang'ana kwabwino ndi kwa mutu uliwonse pawokha, ndipo mboni yodalirika kwambiri ndi khadi yomwe ikukhala osagwira ntchito.

Asadatseke mlandu adafuna kuchotsa oganiziridwa ena awiri. Woyamba kudali kutentha. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo yathuyi imaonetsa madigiri 88. Titatsegula bokosi tidapeza fumbi la m'mbali mwa msewu litaumbana pa fani ndi pa zitsulo zoziziritsira ngati bulangete. Tidalipemerera ndi pompa ya njinga. Phala lotuwa lomwe amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira, loti thermal paste, lidali litauma ngati dothi la m'chilimwe. Adalipala napaka latsopano. Kutentha kudatsikira m'ma 60, ndipo tidapindula zithunzi ziwiri kapena zitatu pa sekondi. Wachiwiri adali RAM, malo omwe kompyuta imayalapo zomwe ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo. Idalimo 4 GB. Iye adabweretsa ina yobwereka nafikitsa pa 8 GB. Kuima kwadzidzidzi komwe kumachitika galimoto ikathamanga kwambiri kudachepa, koma pa mphambano ija chiwerengero chidakana kufika pa 25, mitu iwiri ili pa 100 peresenti monga kale.

Nthawi idali itapitirira 12 koloko usiku. Mnyamata wanga adakhala nthawi yaitali akuyang'ana manambalawo.

“Ndiye kuti amalume, ndikadagula khadi ija palibe chikadasintha?”

Adayankha ndi mtsikanayo: “Achimwene, ikadangokhala pa 25 peresenti m'malo mwa 45. Ngongole yokha ndiyo ikadakula.”

Ndiyenera kumuchitira chilungamo mwanayu. Khadi yoyamba yomwe adagula sidali yolakwika. Nthawi imeneyo wotsalira adalidi wojambula, ndipo atamusintha zinthu zidasintha. Cholakwika chidali kuganiza kuti mankhwala omwe adachiza dzulo achizanso lero, pomwe pothina padali patasamukira kwina. Wogulitsa uja sindimuimba mlandu wa bodza, chifukwa kompyutayo sadaione. Adangogulitsa chomwe adali nacho pa shelefu.

Funso lotsala lidali loti tiikemo purosesa yanji. Apanso mbiri idatimanga manja. Purosesa imakhala pa soketi, ndipo ya makina athu idali LGA 775, yomwe idayamba m'chaka cha 2004. Mapurosesa a Core i7 ndi Core i5 omwe adabwera m'zaka za 2008 ndi 2009 adabwera ndi masoketi awoawo, sangalowe pamenepa ngakhale mutawakhomera ndi hamala. Kugula amenewo kukadatanthauza kugula kompyuta ina. Chomwe bokosi lathu likadalandira ndi Core 2 Quad. Mtsikanayo adafufuza kwa anzake a ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo patatha masiku khumi adapeza Q6600 yochotsedwa m'kompyuta ina yakufa. Kachipangizo komwe kadali pa madola 851 m'chaka cha 2007 tidakagula pa ndalama yomwe ndidangotapa pa penshoni yanga ya mwezi umodzi osamva kuwawa, kagawo kochepa chabe ka mtengo wa khadi ija. RAM yobwereka ija tidaigulanso.

Taonani manambala awa, poti ndi omwe adanditsimikizira kuti zomwe ndidawerenga zija zidali zoona. E6550 imagunda pa 2.33 GHz. Q6600 imagunda pa 2.4 GHz. Pa liwiro la wotchi kusiyana kwake n'kosaoneka, ndipo onse ndi a mbadwo umodzi. Kwenikweni Q6600 ndi tizidutswa tiwiri ta mitu iwiriiwiri toikidwa pansi pa chivundikiro chimodzi. Koma titaiika, pa mphambano ija zithunzi zidafika pakati pa 28 ndi 33, ndipo khadi idadzuka pa chulu n'kuyamba kugwira cha m'ma 70 peresenti. Sizidali zodabwitsa anthu a m'tauni, koma galimoto imayenda osadukiza, ndipo ana adabwerera pa benchi. Mtengo wake udali kutentha, chifukwa mitu inayi imadya magetsi ambiri kuposa iwiri. Mtsikanayo adalamula kuti bokosi lichoke pansi likhale pa tebulo, ndiponso kuti pompa ya njinga izigwira ntchito mwezi uliwonse.

Kwa wakatapila sikudapitidwe. Mlongo wanga adasunga nandolo wake mpaka anankafumbwe adayamba kumulowa, kenaka adamugulitsa motaya, koma mbuzi zake ziwiri zomwe mnyamatayo amafuna kuika chikole zidatsala m'khola.

Kompyutayo idaseweretsa ana zaka zina zinayi. Pambuyo pake magemu atsopano adayamba kukana ndi kutseguka komwe, chifukwa amafuna malamulo ena a m'kati mwa purosesa omwe mbadwo wa Core 2 udabadwa usadawadziwe, ndipo pamenepo kuchuluka kwa mitu sikuthandizanso. Ana ambiri adayambanso kusewera pa mafoni. Mnyamata wanga, yemwe tsopano ndi bambo wa ana awiri, adagula PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo Dell ija adaibwezera ku ntchito yomwe idabadwira: imalemba makalata ofunsira ntchito, mapepala a mayeso a sukulu zoyandikana ndi mapulogalamu a ukwati. Windows 11 imakana kulowamo, ndipo kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, choncho adaichotsa pa intaneti. Makalata ikulembabe.

Purosesa yakale ija adandipatsa ine. Ili pa tebulo langa, imapsinja mapepala kuti asauluke ndi mphepo yochokera m'phiri la Chiradzulu. Kunsi kwake kuli timadontho tagolide 775, ndipo pa chivundikiro chake, pansi pa dzina ndi liwiro, padalembedwa mawu oti MALAY. Mlongo wanga atabwera kudzacheza adakatenga, nakayang'anitsitsa pafupi ndi zenera.

“Achimwene, kodi amafuna kulemba Malawi?”

Ndidamuuza kuti ndi Malaysia, komwe Intel idatsegula fakitale yake ku Penang m'chaka cha 1972, ndipo ndi m'dziko limenelo momwe kachitsuloko kadamangidwira m'chivundikiro chake. Adakabwezera pa mapepala paja, nandifunsa ngati timadontho tagolideto tingagulike ku Limbe.